Augustine wa ku Hippo, Mphunzitsi Amene Adalimbana ndi Thupi

M'matchalitchi mwathu timamva kaŵirikaŵiri alaliki akusiyanitsa moyo wotsata thupi ndi moyo wotsata Mzimu, potsamira pa makalata a Paulo kwa Aroma ndi kwa Agalatiya. Ambiri a ife tikangomva mawu oti thupi, maganizo amathamangira ku moŵa ndi dama basi. Munthu amene tikambe za moyo wake lero adayamba ndi maganizo omweŵa, koma pofika ku ukalamba nkuti ataona kuti nkhaniyi njozama koposa pamenepo. Iyeyu adali mbadwa ya muno mu Africa, ndipo ntchito yake yoyamba idali ya uphunzitsi.

Augustine adabadwa pa 13 November m'chaka cha 354 m'tauni yaing'ono ya Thagaste, imene lero imatchedwa Souk Ahras m'dziko la Algeria. Masiku amenewo chigawo chonse cha kumpoto kwa Africa chidali m'manja mwa Aroma, ndipo chiyankhulo cha sukulu, cha bwalo la milandu ndi cha tchalitchi chidali Chilatini. Bambo ake, a Patricius, adali ndi minda pang'ono ndiponso mpando m'bungwe loyendetsa tauniyo. Iwo sadali Mkhristu, ndipo adabatizidwa imfa ili pafupi. Mayi ake, a Monica, ndiwo adali munthu wopemphera kuyambira ubwana. Mwanayo adamlembetsa m'gulu la oyembekezera ubatizo, koma ubatizo weniweniwo adauzengereza. Tsiku lina atadwala m'mimba mwakayakaya adapempha yekha kuti abatizidwe, koma atangopeza bwino nkhaniyo idazizira. Anthu a nthaŵi imeneyo ankaganiza kuti tchimo lochitidwa ubatizo utachitika kale nlolemera koposa, motero ankati nkwabwino mnyamata ayambe wathana ndi zachinyamata, kenaka asambe kamodzi nkamodzi. Atakula, Augustine adadzudzula maganizo ameneŵa.

Ku sukulu ankakwapulidwa ngati ana ena onse. Chigriki ankadana nacho, ndipo sadachidziŵe bwino moyo wake wonse, koma ndakatulo za Chilatini, makamaka za Virgil, zinkamgwetsa misozi. Makolo ataona kuti mwanayo ali ndi mutu, adamtumiza ku tauni yoyandikana ya Madauros kuti akapitirize maphunziro. Ali m'chaka chake cha 16 ndalama zidatha, ndipo adabwerera kwao kukakhala chaka chathunthu wopanda sukulu ndiponso wopanda ntchito, uku bambo ake akufunafuna fizi. Aŵerengi athu ambiri akuchidziŵa chaka chotere, pamene munthu wasiya sukulu, tsogolo silikuoneka, ndipo dzuŵa limachedwa kuloŵa.

M'chaka chimenecho ndimo mudachitika kanthu kakang'ono kamene Augustine adakakumbukira moyo wake wonse. Usiku wina iye ndi anzake adakagwedeza mtengo wa zipatso pafupi ndi munda wa mphesa wa bambo ake. Zipatsozo zidali mapeyala a ku maiko ozizira, osati mapeyala athu ano amafuta aja. Adatola zochuluka, nalaŵa pang'ono chabe, zotsalazo adakaponyera nkhumba. Wina angaseke kuti munthu wamkulu, bishopu, nkumataya nthaŵi kulemba masamba ambirimbiri za kuba kwa paubwana. Komatu chimene chidamsautsa nchakuti pa kubako padalibe njala, popeza kwao kudali zipatso zabwino kuposa zimenezo. Mimba sidapemphe kanthu. Chimene chidamkoma chidali kulakwa kwenikweniko, ndiponso kuopa kuoneka wamantha pamaso pa anzake, pakuti adavomera yekha kuti akadakhala yekha sakadaba. Apa mpamene padayambira funso lake lalikulu: ngati choipa chingachitike thupi lisakufuna kanthu, nanga choipacho chimachokera kuti?

Munthu wina wachuma wa ku Thagaste, dzina lake Romanianus, adathandizapo, ndipo ali ndi zaka ngati 17 Augustine adapita ku Carthage, mzinda waukulu wa m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi pamene pali Tunis lero. Kumeneko adaphunzira luso la kuyankhula pagulu, limene masiku amenewo lidali khomo loloŵera ku ntchito za boma ndi za milandu. Kumeneko ndikonso adatenga mkazi, nayamba kukhala naye popanda ukwati wovomerezeka ndi lamulo. Adakhala naye pafupifupi zaka 15 osayang'ana wina, ndipo m'chaka cha 372 adabereka mwana wamwamuna amene adamutcha Adeodatus, kutanthauza kuti wopatsidwa ndi Mulungu. Alaliki ena pofuna kukometsa nkhani ya kutembenuka mtima kwake amamjambula ngati munthu wa akazi ambirimbiri. Zimenezo nzowonjeza. Chodandaulitsa chenicheni nchakuti m'mabuku ake onse ochuluka aja Augustine sadatchulemo dzina la mayi wa mwana wakeyo.

Ali ndi zaka 19 adaŵerenga buku la Cicero lotchedwa Hortensius, limene lidatayika kalekale ndipo tili ndi tizidutswa take chabe. Bukulo lidamuyatsa moto wofuna nzeru zenizeni m'malo mwa mawu okoma okha. Adatsekula Buku Lopatulika, koma Chilatini chake adachiona chosasalala poyerekeza ndi cha Cicero, ndipo nkhani zina za m'Chipangano Chakale zidamnyansa. Adalitseka, napita kukaloŵa gulu la otsatira a Mani, mneneri wa ku dera la Persia amene adafa zaka pafupifupi 80 Augustine asanabadwe.

Tiyenera kuima pang'ono pa chiphunzitso cha gulu limeneli, chifukwa ndicho chidali yankho loyamba la Augustine pa funso lake lija. Otsatira a Mani ankaphunzitsa kuti kuyambira pachiyambi pali maufumu aŵiri, wa kuŵala ndi wa mdima. Mzimu wa munthu ndi kachigawo ka kuŵala kamene kadatsekeredwa m'ndende, ndipo ndendeyo ndi thupi, lochokera ku mdima. Atsogoleri awo, otchedwa osankhidwa, sankadya nyama, sankamwa vinyo, sankakwatira. Anthu wamba, otchedwa akumva, ankaloledwa kukhala monga mwa masiku onse, malinga azipereka chakudya kwa osankhidwawo. Augustine adakhala wakumva zaka 9. Pambuyo pake adaulula chimene chidamkokera kumeneko: chiphunzitsocho chinkamchotsera mlandu. Akalakwa, wolakwa sadali iye ayi, koma chinthu china chachilendo chokhala m'kati mwake. Ndani sangakonde chipembedzo chotere? Mayi Monica adakwiya mpaka kumletsa kudya nawo m'nyumba kwa kanthaŵi. Adapita kwa bishopu wina kukampempha kuti akambe naye mwanayo, koma bishopuyo adakana, nanena kuti mnyamatayo adzazindikira yekha poŵerenga. Mayiwo atalimbikira ndi misozi, bishopuyo adaŵabweza ndi mawu oti mwana wolirilidwa chotero sangatayike.

Za uphunzitsi wake aphunzitsi anzake angamve nazo chisoni. Adayamba kuphunzitsa kwao ku Thagaste, kenaka ku Carthage, kumene ophunzira adali osamva, oloŵa m'kalasi mwaphokoso ndi kusokoneza phunziro. Atamva kuti ku Roma ana ngodekha, m'chaka cha 383 adaganiza zosamuka, poti mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Mayi ake adamtsata mpaka ku doko kuti amletse kapena apite naye limodzi. Iye adaŵanamiza kuti akungoperekeza mnzake, naŵasiya akupemphera usiku m'kachisi wokumbukira Cyprian Woyera, ndipo kutacha chombo nkuti chitapita. Ku Roma adapezadi ana odekha, koma ochenjera: nthaŵi yolipira ikayandikira ankapangana, nasamukira onse kwa mphunzitsi wina. Chikhulupiriro chake mwa Mani nachonso nkuti chitayamba kale kugwedezeka, chifukwa mtsogoleri wotchuka wa gululo, Faustus, amene adamuyembekeza zaka zambiri kuti adzamuyankhe mafunso, adapezeka kuti ngwa pakamwa pokoma koma wosaphunzira mozama.

M'chaka cha 384 mwayi udamgwera. Mkulu wa mzinda wa Roma, Symmachus, adamsankha kuti akakhale mphunzitsi wa boma wa luso la kuyankhula ku Milan, kumene kunkakhala mfumu yaikulu ya Aroma. Mwana wa ku Thagaste, wa zaka 30 zokha, adafika pakhomo pa nyumba yachifumu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lina akukonzekera kukayankhula mawu otamanda mfumu, amene ankadziŵa kuti ambiri mwa iwo ngabodza, adaona wopemphapempha ataledzera mumsewu, akuseka mokondwa. Adauza anzake kuti munthu ameneyo wapeza ndi timakobidi toŵerengeka chimwemwe chimene iwo akuchifunafuna ndi thukuta osachipeza.

Mayi Monica adamlondola ku Milan, ndipo apa mpamene padachitika chinthu chimene ife sitingachikometse. Kuti akwere pa ntchito za boma, Augustine ankafunika mkazi wa ku banja lachuma. Mbeta idapezeka, koma idali isanafike msinkhu wololedwa ndi lamulo, ndipo padafunika kudikira zaka ziŵiri. Mayi wa Adeodatus adabwezedwa ku Africa, mwana nkutsala ndi bambo wake. Mkaziyo pochoka adalumbira kuti sadzadziŵanso mwamuna wina. Augustine adalemba kuti mtima wake udang'ambika mpaka kuchucha magazi, koma adavomeranso kuti adalephera kuchita monga adachitira mkaziyo, pakuti zaka ziŵiri zidamtalikira ndipo adatenga mkazi wina wongoyembekezera. Tikayang'anitsitsa, chimene chidathamangitsa mayi uja sichidali chilakolako cha thupi, koma kufuna ulemu ndi udindo, ndipo mayi Monica, woyera mtima uja, adali nawo pa upo umenewu.

Zinthu ziŵiri zidasintha maganizo ake ku Milan. Choyamba chidali maulaliki a bishopu Ambrose. Augustine ankapita kukamvera ngati katswiri wofuna kuyesa luso la katswiri mnzake, koma pamodzi ndi mawu okomawo tanthauzo lidaloŵa, ndipo adaona kuti Chipangano Chakale chingathe kumasuliridwa mwanzeru. Chachiŵiri chidali mabuku a otsatira a Plato amene adaŵamasulira m'Chilatini ndi Marius Victorinus. Mabuku ameneŵa adamthandiza kuona kuti choipa sichinthu cholengedwa chokhala ndi ufumu wakewake, koma ndi kupereŵera kwa chabwino, monga momwe mdima ulili kusoŵa kwa kuŵala. Ngati zili choncho, zonse zimene Mulungu adalenga nzabwino, thupi lomwe, ndipo mlandu umabwerera kwa mwini wake, kufuna kwa munthu kumene kwapotoka.

Nzeru idakhutira, koma mtima udatsalira m'mbuyo. Iye mwini adafotokoza kuti kufuna kopotoka kumabala chilakolako, chilakolako chikatumikiridwa chimasanduka chizoloŵezi, ndipo chizoloŵezi chikapanda kuletsedwa chimasanduka unyolo. Adakumbukira kuti ali mnyamata ankapempha Mulungu kuti ampatse kudziletsa, koma asafulumire kumpatsa. Adadabwa kuona kuti mtima ukalamula dzanja, dzanja limamvera pompo, koma mtima ukadzilamula wokha umadzikanira. Tsono amene ali wosamvera ndani, thupi kapena mtima? Otsatira a Mani akadati m'munthu muli mizimu iŵiri. Augustine adakana, nati wofunayo ndi wosafunayo adali iye yemweyo mmodzi, wogaŵanika.

M'chilimwe cha chaka cha 386 kudabwera mlendo, Ponticianus, Mwafrika mnzawo wogwira ntchito ku nyumba yachifumu. Iyeyu adaŵasimbira za Antony wa ku Egypt, amene adasiya chuma chake nakakhala m'chipululu, ndiponso za antchito a boma aŵiri ku Trier amene ataŵerenga mbiri ya Antony adasiya ntchito tsiku lomwelo. Mlendoyo atapita, Augustine adatulukira m'munda wa kuseri kwa nyumba ali wovutika kwambiri, bwenzi lake Alypius akumtsata. Adakadzigwetsa pansi pa mkuyu nalira. Ali pomwepo adamva mawu ngati a mwana kuchokera ku nyumba yoyandikana, akuimba mobwerezabwereza kuti munthu atenge ndi kuŵerenga. Adabwerera pamene adasiya buku la makalata a Paulo, nalitsekula, ndipo maso ake adagwera pa Aroma 13, ndime 13 ndi 14, pamene mtumwiyo amaletsa maphwando a kuledzera, dama, ndewu ndi kaduka, nalangiza kuvala Khristu ndi kuleka kukonzera thupi njira. Sadaŵerengenso kupitirira apo.

Adadikira tchuthi cha nthaŵi yokolola mphesa, natula pansi udindo, chifukwa chimene adapereka nkukhala matenda a m'chifuŵa, amene adalipodi. Ukwati uja udathera pomwepo. Usiku wa Pasaka, pa 24 April 387, Ambrose adambatiza pamodzi ndi Adeodatus ndi Alypius. Chaka chomwecho, ali pa ulendo wobwerera kwao, mayi Monica adamwalira pa doko la Ostia ali ndi zaka 56. Augustine adafika ku Africa mu 388, nagulitsa minda imene adasiyiridwa, nayamba kukhala moyo wa mapemphero ndi maphunziro pamodzi ndi anzake. Posakhalitsa Adeodatus naye adamwalira asanakwanitse zaka 20. Chikumbutso chake ndi kabuku kotchedwa De Magistro, ndiko kuti Za Mphunzitsi, kamene ndi kukambirana kwa bambo ndi mwana. Mfundo yake njakuti mphunzitsi wa m'kalasi amangoloza ndi mawu, koma woŵalitsa choona mumtima mwa wophunzira ndi Mphunzitsi wina wa m'kati.

Mu 391 adapita ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba. Ali m'tchalitchi, anthu adamgwira namkankhira kutsogolo kwa bishopu wokalamba Valerius kuti amdzoze unsembe, iye akulira. Patapita zaka zinayi kapena zisanu adakhala bishopu, ndipo adatumikira mzinda umenewo mpaka imfa.

Nkhani zambiri za otembenuka mtima zimathera pa ubatizo, ngati kuti nkhondo yonse imatha tsiku limenelo. Buku la Augustine lotchedwa Confessions, limene adalilemba cha m'ma 397 mpaka 400, silitero. M'chigawo cha 10 bishopuyo amadziyesa monga alili pa nthaŵi yolembayo. Amavomera kuti zimene adazisiya ali maso zimamubwerera kutulo. Amavomera kuti pa chakudya sadziŵa bwino pamene kufunika kwa thupi kumathera ndi pamene dyera limayambira. Amadandaula kuti nthaŵi zina nyimbo za m'tchalitchi zimamkoma chifukwa cha maimbidwe koposa mawu ake. Koma yesero limene adaliopa koposa lidali kukonda kuyamikiridwa, popeza ngakhale munthu akalinyoza, amayamba kunyadira kuti walinyoza.

Yankho lake lokhwima lili m'buku lalikulu la Mzinda wa Mulungu, limene adaliyamba mu 413, patapita zaka zitatu Alaric ndi ankhondo ake atafunkha Roma, nalimaliza cha mu 426. M'chigawo cha 14 amatenga mndandanda wa ntchito za thupi wa pa Agalatiya 5, naonetsa kuti m'menemo simuli dama ndi kuledzera kokha, koma mulinso kupembedza mafano, udani, ndewu, nsanje ndi magaŵano, zimene nza mumtima. Munthu angathe kusala zakudya ndi kudziletsa kotheratu chifukwa cha chiphunzitso chonama, nakhalabe wotsata thupi. Amaperekanso chitsanzo cha Satana, amene alibe thupi konse, sangaledzere, sangachite chigololo, komabe ndiye mwini kunyada ndi kaduka. Motero kwa Augustine mawu oti thupi m'makalata a Paulo amatanthauza munthu yense wathunthu pamene akudzikhalira yekha, ndipo kutsata Mzimu ndiko kukhalira Mulungu ndi thupi lomwelo. Thupi lofooka silidachimwitse mzimu pachiyambi, koma mzimu wochimwa ndiwo udafooketsa thupi. Uku kudali kutsutsa kotheratu zimene adakhulupirira zaka 9 zija.

Nanga munthu angachoke bwanji ku moyo wina kupita ku unzake? Pa funso ili adakangana ndi Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, munthu wa makhalidwe abwino amene ankanyansidwa ndi ulesi wa Akhristu a ku Roma. Pelagius ankati Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe, choncho wofuna kusiya tchimo angathe. Augustine, pokumbukira za m'munda muja, adayankha m'buku la mu 412 lonena za Mzimu ndi lemba kuti lamulo limangoonetsa chabwino, koma silipatsa munthu mphamvu yochikonda, ndipo nthaŵi zina kuletsa kumakoleza chilakolako. Chofunika ndi Mzimu Woyera kuthira chikondi mumtima kuti chabwinocho chiyambe kukoma. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage udakana chiphunzitso cha Pelagius mu 418. Ngakhale pa Aroma 7, pamene Paulo amadandaula za kuchita chimene safuna, Augustine adasintha maganizo: poyamba ankati akunena za munthu wosatembenuka, koma atakalamba adati akunena za Mkhristu, ngakhale mtumwi mwini wake.

Sikuti zonse zimene adaphunzitsa nzoyenera kuzimeza. Pa mkangano umenewu adafika ponena kuti makanda ofa osabatizidwa sapulumuka, ndipo mipingo yambiri lero siphunzitsa motero. Za chilakolako cha m'banja adalemba mokayikira kwambiri, kotero kuti mdani wake Julian wa ku Eclanum adamnena kuti sadachoke kwenikweni kwa Mani. Mawuwo adali onyanya, koma chipsera cha unyamata wake chimaonekadi pa zolemba zimenezo. Choipa koposa nchakuti pa mkangano ndi mpingo wa otsatira a Donatus, Akhristu anzake a mu Africa, iye amene poyamba ankakana kukakamiza munthu pa za chikhulupiriro adadzavomera kuti boma liŵaumirize ndi zilango, ngakhale ankakana chilango cha imfa. Mibadwo ya pambuyo idagwiritsa ntchito mawu akewo pozunza anthu. Munthu amene adalemba kuti mtima umakokedwa ndi chikondi adadalira mkono wa boma.

Za moyo wake wa tsiku ndi tsiku timazidziŵa kuchokera kwa Possidius, bishopu wa ku Calama, amene adakhala bwenzi lake zaka pafupifupi 40. Augustine ankakhala pamodzi ndi ansembe ake, wopanda chuma chakechake. Chakudya chidali ndiwo zamasamba ndi za mtundu wa nyemba, nyama nkumapezeka chifukwa cha alendo ndi odwala, koma vinyo sankasoŵa patebulo, pakuti sankafuna kuti wina aziyesa cholengedwa cha Mulungu chodetsedwa. Patebulopo adalembapo chenjezo loletsa miseche ya anthu amene palibe, ndipo tsiku lina adadzudzula mabishopu anzake ataiŵala lamulolo. Nthaŵi yake yambiri inkathera pa kuŵeruza milandu ya anthu wamba, mwina mpaka kudumpha chakudya. Chuma cha mpingo chikatha ankasungunula ziŵiya zopatulika kuti aombole akapolo ndi kuthandiza osauka. Ena mwa makalata ake adapezeka posachedwapa, nasindikizidwa mu 1981, ndipo ina mwa iwo imasimba za amalonda ogula anthu amene ankadzaza zombo pa doko la Hippo, ndi momwe Akhristu a mpingo wake adapulumutsira anthu ngati 120. Atakwanitsa zaka 72 adaŵerenganso mabuku ake 93 limodzi ndi limodzi, nalemba buku lapadera lokonza zimene adaona kuti adalakwitsa.

Mu 429 mtundu wa Avandal, motsogozedwa ndi mfumu yawo Geiseric, udaoloka nyanja kuchokera ku Spain, ndipo chaka chotsatira udazinga Hippo, mumzindamo mutadzaza anthu othaŵa nkhondo. M'mwezi wachitatu wa kuzingidwako Augustine adagwidwa ndi matenda otentha thupi. Adapempha kuti amlembere masalmo a kulapa ndi kuŵapachika pa khoma pamene angathe kuŵaona ali chigonere, ndipo masiku 10 otsiriza adapempha kuti asaloŵe munthu koma asing'anga ndi obweretsa chakudya. Adamwalira pa 28 August 430 ali ndi zaka 75. Sadasiye mawu ogaŵa chuma, chifukwa adalibe choti agaŵe, koma adalangiza kuti mabuku a mpingo asungidwe bwino. Mzindawo udagwa m'manja mwa Avandal, mabukuwo adapulumuka, ndipo patapita zaka zoposa 1,000 Martin Luther, amene adali wa chipani cha Augustine, ndi John Calvin adatunga m'menemo, monganso ankachitira Akatolika amene ankatsutsana nawo. Mafupa ake adatengedwa kupita ku chilumba cha Sardinia, ndipo pambuyo pake adasamutsidwira ku Pavia m'dziko la Italy, kufupi ndi Milan, kumene ali mpaka lero.